Phunziro: Kodi Ana Athu Adzadya Chiyani Mawa?

Kuwerenga: Danieli 1:3-16, Genesis 2:15, Levitiko 25:1-7

Cholinga: Kuti tidziwe zimene akatswiri ofufuza za zakudya apeza, tione kumene kafukufuku wawo akulowera, ndiponso tizindikire mbali imene ife amayi a mu mpingo tingatengepo.

Kwa wotsogolera: Phunziroli mukhoza kuligawa misonkhano iwiri. Uzani amayi nthawi ikadalipo kuti aliyense abweretse chakudya chimodzi chimene ankadya ali mwana koma masiku ano chikusowa, monga mawere, nzama, denje kapena matowo.

Mawu oyamba

Amayi anzanga okondedwa mwa Ambuye, palibe mmodzi wa ife amene sanadzifunsepo dzuwa likupendeka kuti, "Kodi lero nditereka chiyani?" Funso limeneli timaliyankha tsiku ndi tsiku ndi zimene zili m'nkhokwe, kudimba kapena pa mfundo ya chitenje. Koma kuseri kwake kuli funso lina lalikulu. Kodi adzukulu athu adzadya chiyani, pamene nthaka ikuguga, mvula ikubwera mosadalirika, ndipo chambo chimene makolo athu ankadya chikusowa? Funso limeneli ndi lomwe likusowetsa tulo anthu ofufuza za zakudya pa dziko lonse.

Ambiri a ife tikamva mawu oti kafukufuku timaganiza za alendo a pa galimoto amene amafika ndi mapepala, kutifunsa mafunso, n'kupita osabweranso. M'phunziro lino tiona kuti kafukufuku watipulumutsira kale ana ambiri, ndi kuti kafukufuku wa m'tsogolo sangayende bwino popanda ife amene timalima ndi kuphika.

1. Danieli anapempha kuti ayesedwe

Danieli ndi anzake atatu anali anyamata ogwidwa ukapolo ku Babulo. Mfumu inalamula kuti azidya zakudya za pa gome lake. Danieli sanafune kudzidetsa nazo chifukwa cha chikhulupiriro chake, koma mkulu wowayang'anira anaopa kuti anyamatawo akaonda, mfumu idzamupha. Danieli sanakangane ndi munthu. Anapempha kuti iye ndi anzake apatsidwe zakudya za kumunda ndi madzi kwa masiku 10, kenaka awayerekeze ndi anyamata odya za mfumu. Masikuwo atatha, anyamata anayi aja anaoneka athanzi kuposa anzawo.

Taonani zimene zinalipo: funso, magulu awiri, nthawi yoikika ndi kuyerekeza zotsatira. Umu ndi mmene ofufuza amagwirira ntchito mpaka lero. Taonaninso kuti amene anayambitsa kuyesaku anali wakudya yemweyo. Anali kapolo wopanda udindo, komabe anali ndi mawu pa chakudya cholowa m'thupi lake.

Tichenjere pano. Nkhaniyi sikutiphunzitsa kuti ana tiziwapatsa masamba ndi madzi basi. Mwana wamng'ono amafunika magulu onse 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Phunziro lake ndi lakuti munthu wa Mulungu saopa kuyesa chinthu kuti choonadi chioneke.

2. Zimene kafukufuku watichitira kale

Amayi achikulire akukumbukira kuti kale mwana akanyentchera kwambiri ankagonekedwa kuchipatala kwa milungu yambiri, mayi n'kusiya munda ndi ana ena kunyumba. Mu 1996 dokotala wa ku France, André Briend, pamodzi ndi anzake anakonza chakudya cha mtedza, mkaka wa ufa, shuga, mafuta, mavitamini ndi michere, chosafuna kuphika kapena kuthira madzi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Dr Mark Manary ndi anzake anachiyesa kuno ku Malawi, ndipo anapeza kuti ana ambiri ankachira ali pakhomo, akudyetsedwa ndi amayi awo. Mu 2007 mabungwe a WHO, UNICEF ndi WFP anavomereza njira yochizira ana otere kumudzi. Ichi ndi chiponde chija timachidziwa. Amayi a kwathu kuno amene analola kuti ana awo akhale m'kafukufuku ameneyu anathandiza ana a maiko ambiri.

Chitsanzo china ndi vitamini A, amene amateteza maso ndi kuthandiza thupi kulimbana ndi matenda. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2001 anapeza kuti ana aang'ono 59 mwa 100 alionse ankaperewera vitamini ameneyu. Wa mu 2015-16 anapeza ana pafupifupi 4 okha mwa 100. Pakati pa zaka zimenezi panali vitamini wa ku sikelo, panali shuga ndi mafuta ophikira zothiridwa vitamini A, ndiponso mbatata yofiira mkati monga Zondeni, Kadyaubwerere ndi Kaphulira. Kupinimbira kwa ana nakonso kunatsika kuchoka pa 47 mwa 100 mu 2010 kufika pa 37 mu 2015-16. Tithokoze Mulungu pa zimenezi. Komabe ana 37 mwa 100 ndi ambiri zedi, ndipo ena mwa iwo ndi a m'makwaya ndi Sande sukulu zathu.

3. Mafunso atsopano

Kafukufuku wakale ankafunsa kwambiri kuti, "Kodi mwanayu akusowa chiyani, ndipo timupatse chiyani?" Funso limeneli likadali lofunika, koma mavuto atatu awonjezera mafunso ena.

Loyamba ndi njala yobisika. Munthu akhoza kukhuta nsima tsiku ndi tsiku koma thupi lake likusowa michere monga ayironi ndi zinki. Kafukufuku wa mu 2015-16 uja anapeza kuti anthu pafupifupi 6 mwa 10 alionse ankaperewera zinki, mchere umene umathandiza mwana kukula ndi kuchira msanga akatsegula m'mimba.

Lachiwiri ndi matenda amene kale tinkati ndi a anthu olemera. Kafukufuku wa mu 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu atatu alionse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi anali ndi kuthamanga kwa magazi. Mu 2015-16 mayi mmodzi mwa asanu anapezeka wonenepa kupitirira muyeso. Choncho khomo limodzi likhoza kukhala ndi mwana wopinimbira ndi mayi wodwala shuga. Zakumwa zotsekemera, zokazinga ndi tizakudya ta m'mapaketi tafika mpaka pa okala ya kumudzi.

Lachitatu ndi kusintha kwa nyengo. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola minda ndi midzi ku Mulanje, Phalombe, Chikwawa, Nsanje ndi maboma ena a kum'mwera. Chaka chotsatira, mu 2024, kunagwa ng'amba mpaka boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Palinso china chosaoneka ndi maso. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2014 anaonetsa kuti mpweya wa kaboni ukachuluka mumlengalenga, mbewu monga tirigu, mpunga ndi soya zimakhala ndi zinki ndi ayironi wocheperako. Chimanga ndi mapira sizinakhudzidwe kwambiri. Ndiponso ntchito yopezera anthu chakudya, kuyambira kugwetsa nkhalango, kulima, kuweta, mpaka kunyamula ndi kusunga zokolola, imatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mpweya umene ukutenthetsa dziko.

N'chifukwa chake ofufuza a masiku ano sakuyang'ananso mbale yokha. Akuyang'ana mbale pamodzi ndi munda umene chakudyacho chachokera. Tione zitsanzo zinayi.

4. Nthaka ikasowa, thupi limasowanso

Pali mchere wina wotchedwa seleniyamu. Thupi limaufuna pang'ono chabe, koma umathandiza chitetezo cha m'thupi ndi chithokomiro. Dr Allan Chilimba ndi anzake anasonkhanitsa chimanga kuchokera m'madera ambiri a dziko lino, ndipo mu 2011 anafalitsa zimene anapeza: chimanga cholimidwa pa dothi lakuda la makande ku chigwa cha Shire chinali ndi seleniyamu wochuluka pafupifupi kakhumi kuposa cha m'madera ambiri a kumtunda, kumene dothi lake ndi la asidi ndipo limaumana mcherewu. Atayeza magazi a amayi a ku Chikwawa ndi a ku Mzimba, kusiyana komweko kunaonekanso m'matupi awo. Amayi awiri akhoza kudya nsima yofanana maonekedwe ndi kukoma, koma mmodzi akupeza chimene mnzake sakupeza.

Dziko la Finland linali ndi vuto lomweli, ndipo kuyambira mu 1984 linayamba kuthira seleniyamu mu feteleza. Mu 2019 njirayi inayesedwa kwa T/A Wimbe ku Kasungu. Mabanja analandira ufa, ena wa chimanga chothiridwa seleniyamu kumunda, ena wa chimanga wamba. Kuyesaku kutatha, amayi ndi ana amene ankadya ufa woyambawo anapezeka ndi seleniyamu wochuluka m'magazi kuposa anzawo.

Mawu a Mulungu anatitsogolera kale pa nkhani ya nthaka. Pa Genesis 2:15 munthu anapatsidwa ntchito ziwiri m'munda muja: kuulima ndi kuusamalira. Pa Levitiko 25 nthaka nayo inapatsidwa chaka chopumula. Mpingo wathu wa Anglican, pa msonkhano wa Anglican Consultative Council wa mu 1990, unaika kusamalira chilengedwe kukhala chizindikiro chachisanu cha utumiki wake. Tikamatentha mapesi posaka mbewa, kapena kulima chimanga pa malo amodzi chaka ndi chaka osabwezera kanthu m'nthaka, tikuchita ntchito yoyamba n'kuiwala yachiwiri.

5. Dzira la ku Malindi

Ku Ecuador, dziko la ku South America, ofufuza anapatsa ana aang'ono dzira limodzi tsiku lililonse kwa miyezi 6. Zotsatira zake, zimene zinafalitsidwa mu 2017, zinadabwitsa anthu: kupinimbira kunachepa pafupifupi ndi theka. Ambiri anaganiza kuti yankho lapezeka.

Mu 2018 kuyesa komweku kunachitika ku Mangochi, m'midzi yozungulira chipatala cha Lungwena ndi chipatala chathu cha St Martin's ku Malindi. Ana 660 a miyezi 6 mpaka 9 anagawidwa magulu awiri, ndipo gulu limodzi linkalandira dzira tsiku ndi tsiku kwa miyezi 6. Pamapeto pake ana odya dzira sanatalike kuposa anzawo. Ofufuzawo anaona kuti chimodzi mwa zifukwa chikhoza kukhala chakuti ana ambiri a m'mbali mwa nyanja ankadya kale nsomba.

Musamve molakwa, amayi. Dzira ndi chakudya chabwino kwambiri kwa mwana ndi mayi woyembekezera, ndipo zikhulupiriro zowaletsa mazira tizisiye. Chimene tikuphunzira apa ndi chakuti yankho la dera lina silikhala yankho la dera lililonse. Tikuphunziranso kulemekeza usipa ndi matemba athu. Nsomba yaing'ono yodyedwa yonse, mutu ndi minga zomwe, imapereka kashiamu wolimbitsa mafupa ndi michere ina. Ukasinja usipa wouma n'kuthira m'phala la mwana, wachita chinthu chachikulu. Ndipo ngati usipa ndi wofunika chotere, kugwira nsomba ndi masikito kapena kupha nsomba nthawi yoswana ndi nkhani yokhudza ana athu.

6. Mbale imodzi ya dziko lonse?

Mu 2019 akatswiri 37 ochokera m'maiko 16, mu gulu lotchedwa EAT-Lancet, anatulutsa ndondomeko ya kadyedwe kothandiza thupi ndi chilengedwe pamodzi. Anati anthu azidya kwambiri masamba, zipatso, nyemba, mtedza ndi mbewu zosakonola, ndipo nyama yofiira isapitirire pafupifupi magalamu 100 pa sabata. Kwa anthu a ku Ulaya ndi America, amene ambiri amadya nyama tsiku ndi tsiku, uthenga wake unali wochepetsa.

Ofufuza ena atawerengetsa mtengo wa kadyedwe kameneka anapeza kuti anthu pafupifupi 1.6 biliyoni, makamaka a ku Africa ndi kum'mwera kwa Asia, sakanatha kukakwanitsa. Enanso mu 2023 anaonetsa kuti kadyedweko kakhoza kusiya anthu, makamaka amayi a msinkhu wobereka, akuperewera ayironi, zinki, kashiamu ndi vitamini B12. Lipoti lachiwiri la gululi, la mu 2025, linatsindika kwambiri za chilungamo pa kagawidwe ka chakudya.

Ife tikamva pa wailesi kuti anthu achepetse nyama, tizifunsa kuti uthengawo ukupita kwa yani. Mwana wa kumudzi amene amalawa nyama pa Khirisimasi pokha akufunika zanyama zochulukirapo: nsomba, mazira, mkaka, ngumbi kapena mphalabungu. Mayi wa m'tauni amene wapezeka ndi shuga akufunika kuchepetsa zotsekemera ndi zokazinga. Onani chinanso: zambiri zimene akatswiriwa akuyamikira ndi zomwe agogo athu ankadya, monga mgaiwa, mapira, khobwe, nandolo, bonongwe ndi nkhwani wotendera. Tisazinyoze ngati zakudya za amphawi.

7. Ku Ekwendeni amayi anakhala ofufuza

Mu 2000, ogwira ntchito pa chipatala cha abale athu a CCAP ku Ekwendeni ankaona ana onyentchera akuchira, kupita kwawo, n'kubwereranso ali chimodzimodzi. Makolo ankati nthaka yaguga ndipo feteleza sangamukwanitse. Pamodzi ndi wofufuza wa ku Canada, Rachel Bezner Kerr, anayambitsa ntchito yotchedwa Soils, Food and Healthy Communities. Alimi eni ake, amayi ndi abambo, anasankhidwa ndi midzi yawo kukhala gulu lofufuza. Ankayesa pa timinda tating'ono kubzala nandolo pamodzi ndi mtedza kapena soya, kukwirira masangwi m'nthaka m'malo mowatentha, kenaka kubzalapo chimanga chaka chotsatira. Mizu ya mbewu za gulu la nyemba ili ndi timatuza momwe mumakhala tizilombo tabwino totenga chakudya cha mbewu kuchokera mumpweya, ndipo zotsalira zake zimabwezera chonde m'nthaka.

Koma anapeza kuti kukolola nyemba zambiri pakokha sikunenepetsa mwana. M'mabanja ena abambo ankagulitsa zokolola ndalama osaoneka pakhomo. Amayi ankachulukidwa ntchito mpaka kusowa nthawi yodyetsa mwana. Agogo aakazi ndiwo anali ndi mawu omaliza pa zimene khanda lipatsidwe. Choncho anayamba masiku ophunzitsana kaphikidwe ndi magulu okambirana momwe munali amayi, abambo ndi agogo. Zotsatira zofalitsidwa mu 2011 zinaonetsa kuti ana a m'midzi imene inakhalitsa m'ntchitoyi ankakula bwino kuposa poyamba.

Palibe makina a ku yunivesite amene akanaona zimene amayi aja ankazidziwa za m'nyumba zawo. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Wofufuza amadziwa kuyeza magazi ndi dothi. Mayi amadziwa chimene mwana amakana, nkhuni zimene nandolo amatha pophika, ndi amene amasunga ndalama za mtedza. Kafukufuku wa m'tsogolo akufunika nzeru zonse ziwiri.

8. Ofufuza akafika m'dera lathu

Tikukumbukira mphekesera za anamapopa za mu 2017, pamene anthu osalakwa anaphedwa m'maboma a kum'mwera ndipo ntchito zina zaumoyo zinaima. Mantha amakula pamene anthu sanauzidwe zoona. Ife a Umodzi wa Amayi tisakhale ofalitsa mphekesera, komanso tisamangovomera chilichonse. Safunsa anadya phula. Tili ndi ufulu wofunsa mafunso awa:

Kodi kafukufukuyu wavomerezedwa ndi boma, ndipo mfumu ndi alangizi a zaumoyo akumudziwa?
Kodi akufuna kupeza chiyani, ndipo adzatenga nthawi yaitali bwanji?
Ngati akutenga magazi, akayezamo chiyani, ndipo otsala adzapita kuti?
Kodi pali chiopsezo chanji kwa ine kapena mwana wanga?
Kodi zotsatira adzabwera kudzatiuza liti?

Musasaine kapena kudinda chala pa pepala limene simunalimve m'chilankhulo chanu. Mukhoza kukana, kapena kusiya pakati, ndipo palibe amene ayenera kukumanani chithandizo cha kuchipatala chifukwa cha zimenezo.

Zoti tichite pa nthambi yathu

(a) Kwa sabata imodzi, mayi aliyense alembe kapena aike timiyala posonyeza magulu a zakudya amene banja lake ladya tsiku lililonse. Tidzayerekeze pa msonkhano wotsatira kuti tione gulu limene likusowa kwambiri.

(b) Tipemphe abambo wansembe ndi akuluakulu a mpingo kachigawo ka malo a tchalitchi. Tikagawe pawiri: mbali ina chimanga chokha, mbali ina nandolo ndi mtedza. Chaka chachiwiri tibzale chimanga ponseponse ndi kuyeza zokolola ndi chitini chimodzi. Tilembe zonse m'buku la nthambi, ngakhale zitapanda kuyenda monga tinkayembekezera.

(c) Tisonkhanitse mbewu zamakolo zimene zikusowa, tizigawana ndi kubweza tikakolola.

(d) Tifutse masamba nthawi ya dzinja, tiwaumitse pa mthunzi ndi kusunga mfutso wa m'chilimwe. Tichepetse soda pophika ndiwo chifukwa amaononga mavitamini ena.

(e) Mtedza kapena chimanga cha chuku tisasinjire ana. Chuku chimatulutsa poizoni amene amaononga chiwindi ndipo sachoka ndi kuphika.

(f) Tsiku lina tiitane mlangizi wa zaulimi ndi wa zaumoyo pamodzi, ndipo abambo ndi agogo adzakhalepo.

Mafunso okambirana

1. Onetsani zakudya zimene mwabweretsa. Kodi zinasowa chifukwa chiyani, ndipo ndi ziti zimene tingazibwezeretse?
2. Danieli analankhula mwaulemu koma sanasinthe maganizo. Kodi mayi angalankhule bwanji ndi mwamuna wake kapena apongozi ake pa nkhani ya chakudya cha mwana?
3. Kodi m'dera lathu timachita ziti zolima nthaka osaisamalira?
4. Mukanakhala ndi mwayi wotuma akatswiri kuti afufuze chinthu chimodzi chokhudza chakudya cha banja lanu, mukanawatuma chiyani? Mlembi alembe mayankho ndi kuwatumiza kwa wogwirizanitsa ntchito za amayi ku dayosizi.

Pemphero

Mulungu Atate, Mlengi wa nthaka, nyanja ndi mvula, tikukuthokozani chifukwa cha chakudya cha lero. Tikhululukireni pamene taononga munda umene munatisungitsa. Patsani nzeru ndi mtima woona onse ofufuza za chakudya ndi zaumoyo. Tipatseni ife kulimba mtima kwa Danieli, kuti tizifunsa, tiziyesa ndi kunena zoona. Kumbukirani ana opinimbira, amayi oyembekezera ndi mabanja amene minda yawo inakokoloka, ndipo mutithandize kusiyira adzukulu athu nthaka yobereka. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.